Tiyi Amene Che Mkwanda Ankakana

Musandifunse chaka, chifukwa zaka zanga zinasakanikirana ngati mchenga ndi simenti, palibe angazilekanitsenso. Chimene ndimakumbukira bwino ndi misewu. Ndinkayenda ndi thumba la zipangizo paphewa: mpeni womangira, levulo, chingwe, ndi hamala yomwe mpini wake ndinausintha kanayi. Mudzi uliwonse umene ndinkafikamo unali ndi mzikiti wopaka laimu, mjigo wolira, ndi munthu wofuna nyumba. Ndinkamumangira, n'kumupatsa makiyi, n'kupitirira. Nthawi zina podutsa ndinkazindikira khoma langa ndili patali, koma ine mwini ndinkagona m'nyumba za lendi. Anthu ankaseka kuti mmisiri wa nyumba alibe nyumba, ndipo inenso ndinkaseka nawo, poti zinali zoona.

M'mudzi wa dothi lofiira ndi mmene ndinaphunzira kukhoma malata. Ndi momwemonso ndinaphunzira kuwasasula. Munthu wina wakatapila anandilemba ganyu yokachotsa denga pa nyumba ya mlimi amene anamubwereketsa ndalama za feteleza. Thumba limodzi linasanduka awiri, awiri n'kukhala anayi, mvula n'kudula, basi. Ndinakwera pamwamba m'mawa dzuwa lisanatenthe. Nditazula lata loyamba, kuwala kunagwera m'chipinda chimene sichinaonepo dzuwa, ndipo ndinaona mkeka, chitenje chopachika pa chingwe, ndi Kurani yokulungidwa m'nsalu yobiriwira. Pabwalo panaima mayi atanyamula lichero, akungondiyang'ana. Sanatukwane, sanalire. Malipiro a tsiku limenelo ndinagulira nsapato, ndipo zinandithina mpaka kutha.

Ndinachoka kumeneko n'kuyenda midzi ina. Kwina ndinaphunzira kuotcha njerwa, kwina kuika mafelemu a zitseko. Penapake pakati pa midzi imeneyo ndinakwatira Abiti Bakali, mkazi wamfupi, wolankhula mosapsatira, amene kuphika kwake kunkaimitsa anthu panjira. Ankayenda nane kulikonse, mbaula ndi mapoto pamutu. Eninyumba anawawerenga mpaka khumi ndi mmodzi, ndipo aliyense anamupatsa dzina lonyoza.

Kenako tinafika m'tauni ya nyumba zagalasi, kumene anthu amayenda mofulumira ngakhale palibe akuwathamangitsa. Kumeneko ndinalandiranso ganyu ija, kungoti inabwera ndi mapepala. Banki ina inalanda nyumba, wogula watsopano n'kundituma kuti ndisinthe maloko ndi kupaka penti. Mwini wake wakale, kalaliki wa tayi, anandiuza kuti analipira zaka zisanu ndi zinayi, ndalama zoposa mtengo wa nyumbayo, koma ntchito itamuthera anamuuza kuti ngongole yeniyeniyo anali atangoyamba kuikhudza. Pabwalo panaima mayi atanyamula wotchi yapakhoma, akungondiyang'ana. Ndingalumbire kuti anali mayi wa lichero uja, kungoti tsopano anavala nsapato. Pafupi ndi chitseko panali timizere ta pensulo tosonyeza mmene ana awo ankakulira. Ndinapakapo penti kawiri kuti tisaoneke.

Tsiku limenelo nditafika kunyumba ndinapeza Abiti Bakali akukangana ndi mwininyumba chifukwa cha msomali umene anakhoma kuti apachikepo sefa.

"Inu," anandiuza munthuyo atapita, "ine ndatopa. Sindikufuna nyumba yosanja. Ndikufuna khoma loti ndikhomepo msomali osapempha munthu."

Ndinali nditaona zonsezo ndi maso anga, komabe mawa lake miyendo inanditengera ku banki. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe, akuluakulu amatero, ndipo ine ndinkapita kukachitenga ndekha. Mtsikana waulemu kwambiri anandikhazika pa mpando wofewa, nandionetsa pepala la ngongole ya nyumba. Zaka makumi awiri, chiwongoladzanja chakuti. Ndinapinda pepalalo, n'kuliika m'thumba la zipangizo, n'kumayenda nalo. Linkalemera kuposa hamala.

Ndinafunsa ashehe a mumzikiti waukulu. Anandiyankha asanamalize n'kuwerenga komwe. Anati Mulungu analoleza malonda koma analetsa riba, ndiko kuti ndalama kubereka ndalama chifukwa chakuti nthawi yadutsa, ndipo tchimolo limagwera wolandira, wopereka, wolemba ndi mboni zomwe. Ndinafunsanso ashehe ena achinyamata amene anaphunzira kunja. Iwo anati alipo anthu ophunzira amene amalola munthu akapanikizika kotheratu, koma ambiri salola, chifukwa wokhala m'nyumba ya lendi sanagone panja. Anatinso ilipo njira yoyera: wandalama agule nyumbayo, akugulitse pa mtengo wodziwika wosasintha, uzilipira pang'onopang'ono, kapena mugule awiri, iwe uziwombola gawo lake mpaka lithe. Ndinawafunsa kuti khomo la njira imeneyo lili kuti. Anakanda m'mutu, nati m'tauni ino sanalionepo, kapena lilipo koma si la anthu ovala ovolosi.

Tinachokanso. Pepalalo ndinayatsira mbaula m'mudzi wina, koma funso ndinapitirira nalo, ndipo ndinkalifunsa pakhonde pa mzikiti uliwonse.

Tauni imene inatsatira inali yaing'ono, patsinde pa phiri, pomwe msewu umagawikana pawiri. Lachisanu lina titatha kuswali ndinafunsanso funso langa, n'kulandira mayankho omwe aja. Ndikuvala nsapato, mkulu wina wowonda, wa ndevu zoyera ndi mkanjo wotuwa, anandigwira pamkono. Anali Che Mkwanda, wogulitsa mpunga ndi nyemba pamsika. Ndinkawadziwa patali chabe, chifukwa cha chizolowezi chawo chouzira fumbi pa sikelo asanayeze, kuti fumbi asalikugulitse.

"Amisiri," anatero, "mayankho mwalandira, ndipo ndi oona. Koma yankho silifolera nyumba. Mukufuna zingati?"

Ndinaseka, poganiza kuti akucheza.

"Ndinakuonani pa sitolo ija mukugumula mzere wa njerwa umene munamanga nokha," anapitiriza. "Unapendekeka pang'ono, ndipo palibe akanaona. Munthu wotero ndingamubwereke. Malo mugule, malata mugule, manja muli nawo kale. Mudzandibwezere zomwezo, osaonjezerapo ngakhale tambala. Mwezi wopeza mubweretse, mwezi wosowa mubwere mudzandiuze."

Tinalemberana pepala, chifukwa iwo anati ngongole imalembedwa ngakhale pakati pa abale. Mboni zinali ziwiri, woitanira swala ndi wogulitsa nyama. Ndalamazo anazitulutsa m'chitini cha mabisiketi. Pobwerera kunyumba ndinkangoyang'ana m'mbuyo, kudikira kuti wina andidzutse.

Abiti Bakali atamva, sanachedwe. Kwathu mbale sibwerera yopanda kanthu, ngakhale amene wakubwereka mchere umamubwezera ndi kandiwo. Anagwira tambala wathu wamkulu, nam'manga miyendo, nandipatsa kuti ndipititse limodzi ndi ndalama za mwezi woyamba. Che Mkwanda anamulandira bwino, namunyamula kuti amve kulemera kwake, nafunsa mayi wa benchi loyandikana kuti tambala wotere akugula zingati. Kenako anatenga pepala lathu, n'kuchotsera mtengowo pa ngongole yanga.

Nditakafotokoza kunyumba, mkazi wanga anamanga chitenje n'kupita yekha kumsika, ine ndikutsatira pambuyo kuti ndikaleretse.

"Bambo, kodi ine ndine wogulitsa nkhuku? Ndakutumizirani mphatso, inu mwaisandutsa malonda!"

"Khalani pansi, mayi," anatero Che Mkwanda, akumusunthira thumba la nyemba kuti akhalepo. "Ndikufunseni. Ngongole iyi isanabwere, munanditumizirapo nkhuku?"

"Sindinkakudziwani."

"Eya. Ndiye nkhukuyi simunaitumize inu, yaitumiza ndi ngongole. Ndikaidya, ndiye kuti ndalama zanga zaikira dzira. Riba sibwera ndi pepala lokha ayi, ina imabwera itamangidwa miyendo."

"Nanga mtima wanga ndiuike pati?"

"Usungeni, mayi. Suola."

Abiti Bakali anabwerera akung'ung'udza njira yonse, koma ndinaona kuti mkuluyu sanamupatse dzina lonyoza.

Malo tinagula kumapeto kwa tauni, pafupi ndi dambo. Lachisanu loyamba nditakumba maziko, Che Mkwanda anatulukira titangochoka ku swala, ati kudzaona ngati chingwe changa chili chowongoka. Anakhala pa mulu wa njerwa. Mkazi wanga anawaikira kapu ya tiyi patsogolo. Anayang'ana kapuyo, nanunkhiza, nati, "Zikomo mayi, ndalandira ndi maso." Kenako anapisa m'thumba la mkanjo n'kutulutsa mtedza wawo wokazinga, n'kutigawirako. Ife kudya zawo kunali kololeka, iwo kudya zathu ayi. Tiyi uja anazizira, ndipo atapita ndinamwa ine.

Lachisanu lotsatira zinachitikanso chimodzimodzi, khoma lili m'mawondo. Linalo khoma lili m'chiuno. Anabwera tikuika mawindo, anabwera tikukhoma malata, anabwera tsiku limene Abiti Bakali anakhoma misomali isanu ndi umodzi pakhoma la khitchini, iwiri yokha ndiyo inali ndi chopachikapo. Mulu wa njerwa utatha anayamba kukhala pakhonde, ndipo kapu inkawatsatira. Mkazi wanga anayesa nzeru zonse. Anathira mkaka, anathira tsabola wa tiyi ndi jinja, anaika zitumbuwa zotentha mbali yomwe kunkachokera mphepo. Mkuluyo ankameza malovu poyera, osabisa, nati, "Mayi, mudzayankha kwa Mulungu chifukwa chozunza nkhalamba." Koma dzanja silinatambasuke.

Tsiku lina ashehe a m'tauniyo anatipeza pakhondepo, nawauza Che Mkwanda kuti akudziumira mtima kuposa mmene chilamulo chikufunira. Anati kapu ya tiyi ya mlendo ambiri saiwerengera, ndipo pomaliza ngongole wobwereka angathe kuonjezerapo mwa kufuna kwake ngati sanapangane.

"Ashehe mukunena zoona," anayankha Che Mkwanda, "ndipo wina aliyense amwe. Koma ine dyera langa ndimalidziwa. Lero ndimwa tiyi. Mawa ndiyamba kuyembekezera tiyi. Mkuja tiyi akabwera wopanda mkaka ndikhumudwa, n'kumati anthu awa aiwala zimene ndinawachitira. Pamenepo amisiri azindiona ndikubwera, mtima n'kugunda. Ndikufuna ndikatulukira pa msewu apo azisangalala."

Ndipo ndinkasangalaladi. Ndinene poyera: munthu ameneyu ndinamukonda kuposa mmene ndinakondera bambo anga ondibereka, amene ndinawadziwa pang'ono. Tinkacheza za njerwa, za mitengo ya mpunga, za akazi awo amene anamwalira kalekale, za ulendo wa ku Maka umene ankausungira ndalama m'chitini cha mabisiketi chija. Apa m'pamene ndinadziwa kumene nyumba yanga inachokera. Nditafuna kulankhulapo, anandifunsa ngati pulasitala wa kuchipinda wauma.

Zaka zinkapita, ndipo ndalama ya dziko inagwa, n'kugwanso. Lata limene ndinagula ndi pepala limodzi linayamba kufuna mapepala atatu. Mwana wamkulu wa Che Mkwanda anandiimitsa pamsika nandiuza kuti zimene ndikubweza sizingagule ngakhale theka la zimene ndinatenga, ndipo sananame. Ndinapita kwa bambo ake n'kuwapempha kuti tikonze pepala lija.

"Ndalama ikanakwera mphamvu, mukanabwera kudzandiuza kuti tichotsereko?" anandifunsa.

"Mwina ayi."

"Ndiye siyani. Ophunzira amatsutsana pa nkhani imeneyo, ine sindilowerera. Ndinakubwerekani nambala, mundibwezere nambala. Chimene chatayika pakatipo sichinatayike, chili ndi Wosunga wake. Kupatsa n'kuika, amisiri."

M'tauni yaing'onoyo ntchito inachepa, choncho ndinanyamulanso thumba langa, Abiti Bakali n'kutsala ndi misomali yake. Ndinamanga nyumba za antchito m'minda ya tiyi, kumene nkhungu imalowa mpaka m'bulangete. Ndinamanga nkhokwe ya katundu m'tauni ya m'malire, kumene aliyense amalankhula zilankhulo zitatu ndipo sanena zoona m'chilichonse. Kwina ndinaphunzira kuyala matailosi, kwina bwana anathawa ndi malipiro athu a miyezi iwiri. Misewu yonseyo inkandibweza patsinde pa phiri lomwe lija, Lachisanu, pakhonde, kapu ikufuka nthunzi. Kungoti ulendo uliwonse ndinkapeza mkanjo wotuwa uja wakula, mwini wake akuchepa. Mtedza anasiya kutafuna, ankangoubweretsa kuti atigawire.

"Mkulu uja akutha," anatero Abiti Bakali tsiku lina akutsuka kapu. "Adzamwalira asanadye m'nyumba muno, nyumba yoti anaimika yekha. Zikadzatero ine sindidzakhululuka, kaya inu kaya iwo."

Mawu amenewo ndinayenda nawo mpaka m'tauni ya nyumba zagalasi, kumene kontilakita wina anandilemba ntchito ndipo malipiro ankadzera ku banki. Tsiku lina mtsikana waulemu kwambiri, kaya yemwe uja kaya mng'ono wake, anandikhazika pa mpando wofewa. Anati poti ndalama zanga zikulowa mwezi ndi mwezi, ndikuyenera khadi la ngongole. Utenga lero, ulipira mawa. Za khadi limeneli ndinali nditamvapo kale pakhonde pa mzikiti. Ena amati ukagula chinthu n'kulipira tsiku lisanakwane palibe riba, ndiye n'zololeka kwa wodziletsa. Ena amati ukangosaina wavomera kale kuti ukachedwa udzapereka, ndipo kuvomerako n'kulakwa. Koma pa zotapa ndalama ndi khadilo panalibe kutsutsana, chifukwa zimenezo zimayamba kubereka tsiku lomwelo.

Zonsezi ndinkazidziwa bwino lomwe. Koma ndinadziuza kuti sindikuchitira dyera, ndikuchitira nkhalamba, ndipo Mulungu amaona mtima. Munthu akafuna kulakwa sasowa mawu okoma. Ndinasaina, ndinatapa zonse zimene zinatsala pa pepala lathu, n'kukwera basi ndikumwetulira ndekha. Ndinatumiza uthenga kwa mkazi wanga kuti agule mpunga wabwino ndi nyama ya mbuzi.

Che Mkwanda ndinawapeza pa benchi lawo akuuzira sikelo. Ndinaika mpukutu wa ndalamazo patsogolo pawo n'kunena kuti, "Bambo, ngongole yatha. Mawa mudzadye kwathu."

Sanaukhudze. Anauyang'ana nthawi yaitali, kenako anayang'ana ine.

"Ndalama zanu ndimazidziwa, amisiri. Zimabwera zopindapinda, zonunkha simenti, ina yong'ambika mutaimata ndi selotepi. Izi n'zosalala, zamangidwa ndi lamba wa pepala. Izi sizinagwirepo ntchito. Mwazitenga kuti?"

Kunama kwa munthu wotero kunali kosatheka. Ndinatulutsa khadi lija n'kuwaonetsa.

Zaka zonsezo sindinawaonepo atakwiya. Tsiku limenelo anakwiya, ngakhale sanakweze mawu.

"Ndakhala ndikumeza malovu pakhonde panu zaka zisanu ndi chimodzi kuti nyumba imeneyo ikhale yoyera. Inu mwaona kuti n'chanzeru kundichotsamo ine n'kulowetsamo wina amene sadzakana tiyi. Ameneyo adzamwa, adzadya, adzatenga ndi mbale yomwe. Ndipo mukufuna ine ndidzadye mpunga wa chikondwerero chake? Tengani. Bwererani lero lomwe."

"Ndimaopa kuti mudza..."

"Ndikudziwa chimene mumaopa. Kuthamanga si kufika. Pitani."

Ndinakwera basi yomwe ndinabwera nayo. Pofika ku banki, ndalamazo zinali zitabereka kale, m'masiku atatu okha. Kuti nditseke zonse ndinagulitsa njinga ndi levulo yanga, imene ndinayenda nayo chiyambire. Khadilo ndinalidula ndi sizasi ya malata, ndipo Lachisanu ndinakhala mumzikiti mpaka onse atatuluka, ndikupempha chikhululuko. Nyama ya mbuzi ija mkazi wanga anagawira aneba.

Lachisanu limenelo Che Mkwanda sanabwere kwathu. Lotsatira sanabwerenso, ndipo ku mzikiti malo awo pamzere woyamba panakhala munthu wina. Abiti Bakali ankaikabe kapu pakhonde, n'kuichotsa itazizira, ndipo ine ndinalibe mtima womwa. Ndinkadziwa kuti ndawakhumudwitsa, ndipo manyazi anandimanga miyendo. Mwezi utatha ndinapita ndi ndalama zanga zopindapinda. Pa benchi ndinapeza mwana wawo, amene anazilandira, nalemba, nati bambo akupuma, sakufuna alendo. Ndinabwerera ndikuganiza kuti mlendo wosafunikayo ndine. Nyumba ndinali nayo, yoyera ndithu, koma ndinkalowamo ngati ya lendi.

Linali Lachiwiri, dzuwa lili paliwombo, ine ndikusefa mchenga kuseri, pamene ndinamva mabelu a njinga za kabaza. Zinali zitatu. Pa yoyamba panali woitanira swala, pa yachiwiri wogulitsa nyama, amene tsopano anali ndi imvi. Pa yachitatu panali Che Mkwanda, atagwira mapewa a woyendetsa ndi manja onse awiri. Powatsitsa ndinawanyamula ndekha, ndipo sankalemera kuposa thumba langa la zipangizo. Ndipamene ndinazindikira kuti chimene chinawaletsa kubwera sunali mkwiyo.

Sanakhale pakhonde. Anati tiwalowetse m'nyumba, ndipo aka kanali koyamba. Atakhala pa mkeka n'kutsamira khoma, anatulutsa pepala lathu, lothetheka m'mopinda monse, nalipereka kwa woitanira swala.

"Werengani zimene zatsala."

Anawerenga.

"Inu awiri munalipo poyamba, mukhaleponso pomaliza. Zotsalazi ndakhululuka. Ndi sadaka, ndipo ana anga ndawauza kale. Lembani, musaine."

"Bambo, ayi," ndinatero. "Kwatsala miyezi isanu ndi inayi yokha. Ndiloleni ndimalize ndi manja anga. Ndinakulakwirani kamodzi, musandichititsenso manyazi."

"Inu miyezi isanu ndi inayi muli nayo, amisiri. Ine ndawafunsa adokotala."

Wogulitsa nyama anasaina akupukuta mphuno ndi mkono. Che Mkwanda analandira pepalalo, nalipinda, nandiikira m'dzanja, n'kutseka zala zanga ndi zawo. Kenako anatembenukira kukhomo la khitchini, kumene Abiti Bakali anaima atagwira chitenje kukamwa.

"Mayi, tsopano sindine kanthu kwa inu, ndine mlendo chabe. Kodi m'nyumba muno alendo mumawapatsa chiyani?"

Mkazi wanga anayang'ana ku mbaula. Zaka zisanu ndi chimodzi anakhala akukonzekera tsiku limeneli m'mutu mwake, mpunga wonunkhira, nyama, zokometsera zochokera kwa amwenye, mbale zatsopano zimene anazisunga m'katoni pansi pa bedi. Koma linali Lachiwiri la pakati pa mwezi, njinga nditagulitsa, ndipo pa mbaula panali futali wa mbatata basi.

"Bambo, dikirani pang'ono ndithamangire kumsika..."

"Ayi mayi, kudikira ndiye ndadikira. Bweretsani chimene chilipo."

Anabweretsa madzi, ine n'kuwasambitsa m'manja. Anabweretsa futaliyo m'mbale yakale ya tsiku ndi tsiku, chifukwa za m'katoni anaziiwala. Che Mkwanda anatchula dzina la Mulungu, natema kambatata kakang'ono, naika m'kamwa. Anatafuna nthawi yaitali, maso atatseka, ife tonse tikuyang'ana pakhosi pawo mpaka anameza. Anatemanso kachiwiri, kachitatu. Kenako anatsegula maso, nayang'ana mkazi wanga monga amachitira munthu wa pakhomo amene sayenera kuchita ulemu kwa wina aliyense.

"Mchere wachepa," anatero.

Abiti Bakali, amene chikwatire sanalolepo munthu kunyoza mphika wake, anathamangira kukhitchini kukatenga mcherewo, akulira mokweza.